Mng'oma ndi Mpope m'Chigwa cha Kachindamoto

Mwa ziweto zonse zimene munthu amasunga, njuchi yokha ndiyo ilibe khola lotseka, ilibe mbusa, ndiponso sidziwa malire a munda. Pakuti ng'ombe imatsekeredwa dzuwa likapendeka, mbuzi imamangidwa chingwe dzinja lonse kuti isadye mbewu za eni, koma njuchi ikatuluka m'mamawa imauluka makilomita 2 kapena 3, pa nthawi ya njala ngakhale kupitirira apo, nitera pa duwa lililonse limene yakumana nalo, osafunsa kuti mundawo ngwa yani, kapena kuti mwini wake adathiramo chiyani dzulo. Makolo a m'chigwa chino, chimene chagona pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja, kuyambira ku Golomoti kudzera pa Mua kufikira ku Mtakataka, ankadziwa kuweruza mlandu wa chiweto chimene chaononga munda, ndipo kufikira lero nyakwawa aliyense angathe kuugamula dzuwa lisanafike pamutu. Koma mlandu wa munda umene wapha chiweto, chiwetocho chitapitamo chokha, sadauganizireko, chifukwa m'masiku awo munda sunkapha.

Chigwachi n'chakale ndi anthu. Pafupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, ndi pamene padali Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi, pomwe Dr Yusuf Juwayeyi pokumba pansi adapeza mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China, umboni wakuti eni dziko adali pa malonda ndi maiko akutali Mzungu wa boma asanaponde kuno. Anthu amenewo shuga wa m'sitolo sadamudziwe. Chozuna chawo chidali uchi, womwe uja udatsitsimutsa Yonatani wa m'Baibulo m'nkhalango tsiku la nkhondo, ndipo ankaupatsa wodwala chifuwa, naupaka pa bala la moto, nauthira m'mowa. Poyamba sikudali kuweta ayi, kudali kusaka. Munthu ankalowa m'thengo ndi nkhwangwa ndi moto, natchera khutu kwa nsadzu, kambalame kaja kamene kamalira kakudumpha mtengo ndi mtengo kufikira katakufikitsa pa mphako. Ndipo mwambo udali wakuti ukafula ukasiyireko chisa cha ana, poti akulu ankati nsadzu womanidwa mawa adzakutsogolera kwa njoka. Ena amayesa kuti za nsadzu ndi nthano chabe, koma mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake, atayenda ndi Ayao ofula uchi m'nkhalango ya Niassa, tsidya lija la nyanja, adaonetsa kuti msaki woitana mbalameyi ndi mfuu ya makolo ake amapeza njuchi pafupifupi katatu kuposa wongoyenda akuchita phokoso lina.

Mng'oma udabwera pamene munthu adatopa nako kufunafuna mphako, naganiza zozipangira njuchi mphako pamalo podziwa iye mwini. Ankasankha mombo kapena mchenga woongoka, wopanda nthambi m'munsi, pa nyengo imene mitengo yaphuka ndipo khungwa laleka kumamatira. Ankalemba ndi nkhwangwa mozungulira kumwamba ndi kumunsi, utali wake ngati mikono iwiri, nang'amba mzere umodzi wotsika, kenaka n'kumagogoda ndi mpini pang'onopang'ono, akulowetsa mtengo wosongola kunsi kwa khungwa, kufikira lonse litavuka lathunthu, losasweka. Likadali laliwisi ankalikumanitsa milomo, nalikhoma ndi zikhomo za mtengo wouma, nalisiya pamthunzi kuti liume. Kumapeto konse kuwiri ankatsekako ndi khungwa lina kapena udzu woluka, kusiya kabowo kolowera, m'kati napakamo phula ndi masamba onunkhira a mpungabwi. Ndipo potsiriza ankaukweza ndi luzi pa mphanda ya mtengo wautali, kumene chiuli angavutike kufikako, ndi kumene moto wa lupsa ungadutse pansi osaukhudza. Tisabise, mtengo wovulidwa chotero umafa. Koma mng'oma umodzi unkatha zaka zingapo, anthu adali ochepa, ndipo thengo lidali lalikulu.

Chimene tiyenera kuchisunga mumtima ndi ichi, chakuti ming'oma imeneyi idali kuphiri, m'magomo a Khwekhwerere ndi kumtunda kwa Livulezi ndi Nadzipokwe, kutali ndi midzi, popeza njuchi za kuno n'zolusa, sizikhalira pamodzi ndi ana ndi mbuzi. Ndipo chakudya chake chenicheni chidali maluwa a mitengo, osati a m'munda. Mombo ndi anzake amachita maluwa m'chilimwe, mvula ili pafupi, uchi wake nufulidwa pa mvula yoyamba. Mchenga umachita maluwa mvula ikamatha, uchi wake nufulidwa m'nyengo yachisanu. Kunsi kuchigwa nsangu, imene imayoyola masamba m'dzinja anzake akubiriwira, imaphuka ndi kuchita maluwa mvula itakata. Pakati pa nyengo ya maluwa a mombo ndi ya maluwa a mchenga pali Januwale, Febuluwale ndi Malichi, pamene thengo lili lobiriwira koma maluwa a mitengo ali ochepa, ndipo njuchi zimagona ndi njala monga anthu omwe. Miyezi yomweyo ndiyo imene thonje limachita maluwa.

Malamulo a ming'oma adali ochepa, koma adali okwanira pa zoopsa za masiku amenewo. Mtengo umene munthu wapachikamo mng'oma unkayesedwa wake, ngakhale thengo lili la mfumu. Wopeza mphako ankalemba chizindikiro patsinde, wobwera pambuyo nadutsa osakhudza. Ena ankamangirirapo chambu, kuti wakuba aone zakuda. David Livingstone, podutsa m'dziko la Alunda mu 1854, adaona ming'oma ya makungwa yotereyi ili m'mitengo kutali ndi midzi, nalemba kuti kamankhwala komangidwa patsinde kadali kokwanira kuletsa mbala. Wofula mng'oma wa mwini, ndi woyatsa moto mosasamala pansi pa mtengo wa mnzake, onse ankatha kuitanidwa kubwalo, chifukwa wolakwa ankapita yekha pamene pali mng'oma, nasiyapo phazi lake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 alendo adafika motsatizana. Angoni a nyumba ya Chifisi, atamenyana ndi abale awo a kwa Gomani kumtunda, adatsika phiri ndi mfumu yawo Kachindamoto, nakhazikika cha ku Mtakataka. Mu 1902 ansembe a White Fathers adayamba mishoni ya Mua. Amalonda adatsegula masitolo, ndipo phula, limene ambiri ankalitaya akafinya uchi, lidalowa m'gulu la katundu amene Nyasaland inkatumiza kunja, pakuti ku Ulaya linkafunika pa polishi ndi pa makandulo a paguwa, amene lamulo la Mpingo wa Katolika linkati akhale a phula la njuchi. Mu 1924 boma lidapatula nkhalango ya Mua-Livulezi, niletsa kudula ndi kusenda mitengo m'menemo popanda chilolezo. Ndipo tinene zoona, lamulo limene lidavutitsa wopanga mng'oma ndi lomwelo lidasungira njuchi msipu wake.

Thonje silidabwere ndi Azungu. Makolo adali nalo, naomba nsalu zawo, ndipo Livingstone adapeza m'chigwa cha Shire mitundu imene eni ake ankaitcha thonje kaja ndi thonje manga. Limene lidabwera ndi boma ndi thonje la msonkho, la mbewu yogawidwa ndi British Cotton Growing Association, la lamulo la 1910 ndi misika yoikika, limene mabelo ake adapeza njira pamene njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima mu 1935, itadzera pa Golomoti ndi pa Mtakataka. Mbozi zidalipo chiyambire, makamaka yofiira ija imene imabisala m'kati mwa chipatso cha thonje momwe dzanja silifika. Koma chida cha boma pa zaka 50 zoyamba sichidali mankhwala, lidali lamulo lakuti mitengo yonse ya thonje izulidwe ndi kutenthedwa pofika tsiku loikika, dziko likhale miyezi ingapo lopanda thonje, mbozi zife ndi njala. Kapitawo woyendera minda ankadedwa, anthu ankalipitsidwa, koma njuchi zidapeza mwayi. Duwa la thonje limatseguka m'mawa lili loyera, mawa lake lafiira, mkuja lathothoka. Ndipo kuwonjezera pa timadzi ta m'duwa, thonje lili ndi timaenje tina kunsi kwa tsamba, pa mtsempha wapakati, ndi patsinde pa duwa, timene timatulutsa zozuna ngakhale duwalo lisanatseguke. Chotero m'miyezi ija ya njala njuchi zinkatsikira kuchigwa kukakhuta, munda nawo nupindula, poti thonje loyenderedwa ndi njuchi limabereka koposa longodzibereketsa lokha. Ubwenzi umenewu palibe adaupangana, ndipo chifukwa chake palibenso adaimirira kuuteteza pamene udayamba kusweka.

DDT, amene Paul Müller wa ku Switzerland adazindikira mphamvu yake mu 1939, ndi carbaryl, amene adatuluka ku America mu 1958 ndi dzina lakuti Sevin, adayamba kufika m'manja mwa mlimi wamba wa dziko lino m'zaka za m'ma 1960, nyengo yomweyo imene Rachel Carson, m'buku lake la 1962, adali kuchenjeza a kwawo za mbalame ndi tizilombo tothandiza timene timafera pamodzi ndi toononga. Akatswiri awiri, J. P. Tunstall ndi G. A. Matthews, amene adayamba ntchito yawo ku Gatooma m'masiku a chitaganya, Matthews naipitiriza pambuyo pake pa Makoka kufupi ndi Zomba, ndiwo adakonza ndondomeko yake: carbaryl wa mbozi yofiira, DDT wa mbozi inzake yoswana m'chimanga, dimethoate wa nsabwe, adakonzanso mpope wobereka kumsana wotulutsira mankhwala kumbuyo, kuti wopopera asamayende m'nkhungu yake yomwe. Mu 1968 ntchito yotukula ulimi wa m'mbali mwa nyanja idakhazikitsidwa ku Salima ndi thandizo la West Germany, nayo ngongole ya mipope ndi mankhwala idafala. Mu 1971 ADMARC idatenga misika. Pano ndisanamizire munthu nkhanza. Zokolola zidakwera, m'minda yoyeserera kuwirikiza kawiri ngakhale katatu. Malata, njinga ndi fizi ya ana ambiri zidachokera mu mpope umenewo. Ndiponso akatswiriwo sadaphunzitse kupopera mwachisawawa: adaphunzitsa kuyendera munda ndi kuwerenga mazira a mbozi pa mitengo 24, ndi kathabwa ka zibowo ndi kachikhomo, kuti ndi wosadziwa kulemba yemwe athe kuwerenga, napopera pokhapo mazira atapitirira muyeso. Koma walira mvula walira matope. Mlimi amene wakongola mankhwala, nadziwa kuti ngongole idzadulidwa pa sikelo, salinda kathabwa. Amapopera sabata ndi sabata, ndipo amapopera m'mawa, mphepo ya kunyanja isanadzuke ndi dzuwa la kuchigwa lisanawawe, ndiyo nthawi yomwe maluwa atseguka.

Sevin adali ufa wosungunula m'madzi. Madzi akauma pa tsamba ndi pa duwa ufawo umatsalira, ndipo njuchi, imene thupi lake lonse ndi ubweya, imautola pamodzi ndi mungu, niupanikiza pa miyendo yake yakumbuyo, nipita nawo kwawo. Imene yalandira wambiri imafera m'munda momwemo, osaonedwa ndi munthu. Imene yafika imatula katundu wake m'zisa, m'mene alezi amadyamo kuti apange chakudya cha ana. Mwini akabwera patapita masiku amapeza pansi pa mtengo pali bii, njuchi zakufa malilime ali panja, zina zikukwawa mozungulira, zikunjenjemera, mapiko ali tambalale. Za pakhomo zalusa koposa masiku onse. M'kati ana afera m'zisa posowa wowafunditsa ndi wowadyetsa. Mungu woipa umene wasungidwa umapitiriza kupha masabata angapo mpope utapachikidwa kale. Ndipo poti njuchi ya kuno, mosiyana ndi ya ku Ulaya, sichedwa kusamuka ikaona zovuta, kawirikawiri mwini sapeza ndi mitembo yomwe: amapeza mng'oma uli pululu, nyerere zitalowamo, nangoti njuchi zathawa.

Apa ndi pamene mwambo udasowa pogwira. Akulu adati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Pabwalo sumanga mlandu pa khamu, umatchula dzina la amene wakulakwira. Nanga mwini mng'oma akadatchula yani, pamene njuchi zake zidayendera minda yambirimbiri tsiku limodzi, minda yonseyo itapoperedwa sabata yomweyo, ndi mankhwala amodzimodzi, pa uphungu wa mlangizi wa boma? Wopopera sadaponde pansi pa mtengo wa mnzake, chambu sadachikhudze, adali m'munda mwake akuchita zimene adauzidwa. Ndiponso nthawi zambiri mwini mpope ndi mwini mng'oma adali munthu mmodzi, kapena munthu ndi mlamu wake. M'masiku amenewonso kudandaula poyera za ulimi umene Ngwazi, mtsogoleri wa dziko, inkalimbikitsa pa misonkhano sikudali kwa munthu wofuna kugona m'nyumba mwake. Thonje lidali ndi sikelo ndi buku ndi kalaliki. Uchi unkagulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo chimene sichilembedwa chikachepa palibe amafunsa. Chidapulumutsa ming'oma yambiri ndi mtunda basi, poti ya m'katikati mwa phiri njuchi zake sizinkafika kuminda.

Mtunda umenewo ndiwo watha m'masiku athu ano, ndipo watha mbali zonse ziwiri. Minda yakwera magomo, makala atsika nayo mitengo ya mombo pa njinga. Nayonso ming'oma yatsika. Mng'oma wa matabwa wokhala ndi timitengo pamwamba, umene udakonzedwa ku Kenya cha m'ma 1970, udafala m'Malawi makamaka kudzera m'ntchito ya boma lino ndi la Germany imene idayamba mu 1989 m'midzi yozungulira Nyika. Ndipo lamulo la nkhalango la 1997 litalola kuti midzi izisamalira nkhalango pamodzi ndi boma, ulimi wa njuchi udakhala ntchito imene mabungwe amakonda kupatsa makalabu a m'mphepete mwa nkhalango, kuti anthu aleke makala. Ubwino wake ngwosakanika: mtengo suvulidwa khungwa, wofula amasankha zisa zokhwima osatentha ana, ndipo popeza umapachikidwa pa waya mofika pachifuwa, amayi nawo alowa ntchito imene kale idali ya amuna okwera mitengo. Koma bokosi la matabwa ndi chuma chooneka, limabedwa, ndipo chambu masiku ano saopa; chotero limapachikidwa pamene mwini angalione, m'nkhalango ya m'mudzi kapena m'mphepete mwa mtsinje, ndiko kunena kuti pakati pa minda.

Mpope nawo sulinso wa thonje lokha, kapena wa dzinja lokha. DDT adachotsedwa pa ulimi, koma m'malo mwake mudalowa cypermethrin ndi abale ake, otsika mtengo, amene ena amawagulitsa m'misika atawatsanulira m'timabotolo topanda chizindikiro. Madimba a tomato ndi masamba amapoperedwa m'chilimwe, nyengo imene njuchi zimatunga madzi ambiri oziziritsira mng'oma, nizikamwa pa chitsime chomwecho chimene wopopera watsukirapo mpope. Ntchemberezandonda yachilendo yochokera ku America, imene idaoneka mu Africa mu 2016, ndipo mu Disembala 2017 idachititsa Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza kuti maboma 20 ali pa tsoka, idalowetsa mpope m'munda wa chimanga, m'mene kale sunkalowa kawirikawiri. Ndipo chimanga, ngakhale chilibe timadzi tozuna, ngayaye zake zimayoyola mungu umene njuchi zimaukhamukira m'mawa. Thonje la mbewu yosinthidwa, limene lidaloledwa mu 2019, limadziteteza lokha ku mbozi, nilichepetsa kupopera, koma nsabwe ndi tizilombo tina toyamwa sitiliopa.

Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000 lidakhazikitsa Pesticides Control Board, imene ili ku Bvumbwe, ndipo ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala ndi ogulitsa. Ku Ulaya, kumene alimi a njuchi ali ndi mabungwe ndi nyumba zopimira, adafika poletsa mu 2018 mitundu itatu ya neonicotinoid kuti isathiridwe pa mbewu za panja. Njira imeneyo kwa ife ndi yaitali, ndipo m'kuona kwanga si imene ingafike msanga pa mng'oma wa ku Golomoti. Zimene zimapulumutsa njuchi zambiri si za ku Bvumbwe, n'za pabwalo la nyakwawa: kupopera dzuwa litapendeka, maluwa atatsekeka ndi njuchi zitabwerera, kuti mankhwala aume usiku, kuleka mphepo ikamaomba cha ku ming'oma, kutsukira mpope kutali ndi chitsime, kutumiza mwana dzulo lake kukauza eni njuchi. Pangano lotere silisowa kutchula wolakwa njuchi zitafa kale, poti wopopera masana amaoneka ndi maso. Ndipo dziko lino lidaonapo mwambo watsopano ukuumbidwa pabwalo, pamene malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adalowa ufumu mu 2003, adapanganitsa mafumu awo kuti maukwati a ana athe, nachotsa pa mpando amene adaswa panganolo.

Koma tisadzinamize kuti n'chapafupi. Mpope umodzi wobwereka umayenda nyumba zingapo tsiku limodzi, kotero kuti wina ayenera kupopera m'mawa ndithu, ndipo amene ali kumapeto kwa mzere ndi mmphawi uja wopanda wake. Ndi uthenga womwe, ukafika, suthandiza onse mofanana. Wa bokosi angathe kutseka khomo ndi sefa usiku, nafunditsa mng'oma ndi chiguduli chonyowa, koma m'kutentha kwa Febuluwale kuno kunyanja sangapitirize tsiku limodzi, poti zisa zimasungunuka ndipo njuchi zimabanika. Pamene wa mng'oma wa khungwa, umene uli m'mwamba ndipo uli ndi ming'alu ponseponse, alibe njira ya kuutseka konse.